Matabuleti 15 pa ana 72: ndiyambire pati?

Wamasamu:
Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Pasukulu pathu tinalandira matabuleti 15 ndi pulojekita imodzi. Zakhala zili m'makatoni mu ofesi ya ahedi materemu awiri athunthu, mapulasitiki ake osachotsa n'komwe. Lachisanu lapitali ahedi anandiitana n'kundiuza kuti popeza ndine ndinapita kumaphunziro a zipangizozi, ndiyambe kuzigwiritsa ntchito kuti anzanga aonere kwa ine. Maphunziro akunenawo anali a masiku awiri. Tinaphunzira kuyatsa, kuzimitsa, kuchaja ndi kulowetsa pasiwedi. Za mmene ungaphunzitsire nazo mwana, palibe anatchulako.

M'kalasi mwanga muli ana 72, ambiri a zaka 11 ndi 12, ndipo piriyodi ndi mphindi 40. Panopa tili pa mafulakishoni ndipo ndikuona ndi maso anga kuti theka la kalasi latsalira. Mwana amakuuza motsimikiza kuti 1/8 ndi yaikulu kuposa 1/4 chifukwa 8 amaposa 4. Ndikufuna zipangizozi zithandize ana amenewa. Kungowagwiritsa matabuleti kuti tijambule chithunzi chotumiza kwa amene anatipatsa, ayi, mtima wanga sukulola. Amene munadutsamo ndithandizeni, poti safunsa anadya phula.

Wopuma pantchito:
Madamu, ndisanapereke maganizo ndikufunseni funso limodzi. Pa phunziro la mafulakishoni limeneli, n'chiyani chimene tabuleti ingachite chomwe choko, bolodi ndi pepala lopinda sizingachite? Mukalipeza yankho, tsegulani katoniyo. Likasowa, pindani pepala likhale magawo anayi, kenako asanu ndi atatu, ana aone okha chidutswa chikuchepa m'manja mwawo.

Ndagwira choko zaka 34 ndipo malonjezo amtunduwu ndawamva kambiri. Sanayambenso ndi ife. Mu 1913 Thomas Edison ankanena kuti mabuku atsala pang'ono kutha ntchito m'sukulu chifukwa ana aziphunzira ndi kanema. Itabwera wailesi anthu ananena zomwezo, itabwera TV chimodzimodzi. Zonsezi zinathandizako pena ndi pena, koma paliponse pamene zinathandiza panali mphunzitsi wodziwa chimene akufuna tsiku limenelo.

Wokonza makompyuta:
Ine si mphunzitsi, ntchito yanga ndi kukonza, ndiye ndilankhula za kumbali kwanga. Madamu, musadikire Lolemba. Pemphani makiyi mawa, mutulutse matabuleti onse, muwachaje. Batire ya tabuleti ikakhala miyezi yambiri ili yopanda moto imafooka, ina sidzukanso. Mwa 15 amenewo mwina simupeza 15. Muwalembe manambala kumbuyo ndi maka, chaja iliyonse nambala yomweyo. Kenako muone zimene zili m'katimo: ndi mapulogalamu ati, ndipo ndi ati amene amatseguka popanda intaneti. Zimitsani netiweki dala n'kuyesa imodziimodzi. Phunziro lodalira intaneti limakuchititsani manyazi pamaso pa ana tsiku limene netiweki yasowa.

Wamasamu:
Zikomo achimwene, mawa ndikhala pamenepo. Kwa bambo opuma pantchito: funso lanu landikhaza pansi. Pepala ndinapinda kale, kawiri. Ana a kutsogolo anamva. A kumbuyo anapinda nawo, koma nditachonga makope ndinapeza zomwezija. Vuto langa ndi loti sindingafike pa mwana aliyense nthawi imene walakwitsa. Ndimadzaona cholakwacho usiku pochonga, iye n'kudzachiona patapita masiku awiri, ataiwala kale zimene ankaganiza polemba.

Wopuma pantchito:
Ndiye yankho mwalipeza nokha madamu. Chimene mukusowa ndi choti chimuuze mwana pompopompo kuti apa waphonya. Chimenecho makina amatha kuposa ife, sindikana. Funani pulogalamu yochita zimenezo basi, zina zonse zisiyeni kaye.

Wasayansi:
Ndiikepo zanga, chifukwa ine ndinayamba ndi zochepa kuposa zanu: laputopu yanga ndi pulojekita yobwereka. Fufuzani PhET. Ndi timasewero ta sayansi ndi masamu topangidwa ku University of Colorado Boulder, anatiyambitsa Carl Wieman mu 2002, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001. N'taulere, ndipo mukhoza kutitsitsa kamodzi n'kumatigwiritsa ntchito popanda intaneti. Muli angapo a mafulakishoni. Mwana amakweza kapena kutsitsa nambala ya pansi, chithunzi n'kumagawika iye akuona.

Koma ndikuuzeni chimene ndinalakwitsa poyamba kuti inu musachibwereze. Ndinkaphunzitsa za magetsi: batire, waya ndi babu. Ndinayatsa pulojekita, ndinalumikiza zonse pasikirini, babu n'kuyaka. Ana anaombera m'manja, ine n'kuona ngati phunziro layenda. Mayeso atabwera, zii. Anaonerera ngati kanema. Chaka chotsatira ndinasintha chinthu chimodzi chokha. Ndisanadine chilichonse ndimafunsa kuti, ndikaonjezera babu lachiwiri pamzere womwewu, kuwala kuchuluka, kuchepa kapena kukhala chimodzimodzi? Aliyense alembe yankho lake mukope, akambirane ndi mnzake wapafupi, tikweze manja tiwerenge. Ndikadina, kalasi yonse imakhala chete kudikira, chifukwa aliyense waikapo mtima. Amene anaphonya ndi amene amafunsa mokweza kuti zatheka bwanji. Phunziro limayambira pa funso lakelo.

Ahedi ena:
Ndaona kuti nkhani yotsekera zipangizo mu ofesi ikumveka ngati ahedi ndife oipa mtima, ndiye ndiyankhe m'malo mwa anzanga. Zinthu zimenezi munthu umazisainira. Imodzi ikasowa kapena ikasweka, kalata imabwera ndi dzina lako. Wopereka amapereka n'kupita, osanena kuti chaja ikapsa agule ndani, sikirini ikang'aluka akonze ndani. Ndiye munthu umaona kuti bola zikhale m'katoni. Sindikunena kuti n'zabwino. Ine ndinachita zomwezo chaka chathunthu mpaka ndinachita manyazi. Chinandimasula ndi kabuku kosainira: mphunzitsi alembe watenga angati, ola lanji, wabweza angati. Ndinagwirizananso ndi komiti ya makolo kuti chosweka pophunzira si mlandu wa munthu. Madamu, pitani kwa ahedi anu mutanyamula kale kabuku koteroko, muona nkhope yawo imasuka.

Wakukoleji:
Ndimaphunzitsa aphunzitsi, ndipo nkhani iyi timaikambirana chaka chilichonse, ndiye mundilole nditalikitseko.

Mu 2005 Nicholas Negroponte wa ku yunivesite ya MIT ku America anayambitsa One Laptop per Child. Maganizo ake anali oti mwana aliyense wa m'mayiko osauka akhale ndi laputopu yakeyake ya madola 100, ndipo akangoigwira adziphunzitsa yekha zambiri. Dziko la Peru linagula malaputopu oposa 800,000. Akatswiri a Inter-American Development Bank anatsatira sukulu za pulayimale 319 za kumidzi, zina zolandira zina zosalandira, ndipo mu 2012 anatulutsa zimene anapeza patatha miyezi 15. Ana anaphunziradi kugwiritsa ntchito laputopu, ndipo anakwerako pa mayeso oyesa kaganizidwe. Koma pa masamu ndi chiyankhulo panalibe kusiyana ndi anzawo opanda malaputopu. Makinawo anafika m'manja mwa ana, koma kaphunzitsidwe m'kalasi kanakhala momwe kanalili.

Mu 2015 bungwe la mayiko la zachuma la OECD linaona zotsatira za PISA, mayeso amene ana a zaka 15 amalemba m'mayiko ambiri. Mayiko amene anathira ndalama zochuluka pa makompyuta a m'sukulu sanakwere moonekera pa kuwerenga, masamu ndi sayansi. Ana ogwiritsa ntchito kompyuta mwa apo ndi apo kusukulu ankachitako bwino kuposa osaigwira n'komwe, koma oigwiritsa ntchito kwambiri ankachita moipa kuposa onse.

Tsono imvani mbali inayo, chifukwa ikukhudza kalasi yanu ndendende. Ku Delhi ku India, Karthik Muralidharan ndi anzake anayesa pulogalamu yotchedwa Mindspark pa ana a sukulu za boma, kwa miyezi inayi ndi theka. Ana amenewa anakwera kwambiri pa masamu ndi pa chiyankhulo cha Hindi. Chinsinsi chake chinali ichi: anapeza kuti ana a m'kalasi imodzi anali otalikirana nzeru ndi makalasi asanu kapena kuposa, ambiri ali kumbuyo kwenikweni kwa silabasi. Mphunzitsi amaphunzitsa za kalasi imene yalembedwa pachitseko. Pulogalamuyo inkayamba yamuyesa mwana, n'kumupatsa mafunso a pamene iye alidi, ngakhale kukhale makalasi atatu kumbuyo. Komanso theka la nthawiyo ana ankakhala ndi munthu wowaphunzitsa m'kagulu, sanangosiyidwa ndi makina.

Ndikaika ziwirizi pamodzi, ine ndimaona kuti Peru anagawa zipangizo, pamene a ku Delhi anayamba apeza chimene chikumulepheretsa mwana.

Watsopano:
Ndikulemekeza zonse zanenedwa, koma ine mtima ukundipweteka pang'ono. Nthawi zonse nkhaniyi ikabwera, akuluakulu mumathamangira kunena kuti ku Peru zinakanika. Nanga Uruguay bwanji? Anayamba Plan Ceibal mu 2007, pofika 2009 mwana aliyense wa pulayimale ya boma anali ndi laputopu, ndipo sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha COVID-19 iwo anali ndi poyambira pamene mayiko ambiri anangoima. Ndiponso kudziwa kompyuta pakokha si phunziro kodi? Ine ndinagwira kiyibodi koyamba ndili ku koleji. Tsiku loyamba ndinakhala mphindi zambiri ndikusaka chilembo chimodzi, anzanga atamaliza kale tsamba. Sindikufuna mwana wanga wa m'kalasi adzamve zimene ndinamva tsiku limenelo. Ngakhale masamu asakwere, mwana amene wagwirako tabuleti ali patsogolo.

Wopuma pantchito:
Mwana wanga, sindikutsutsa kuti ana adziwe kompyuta. Ululu umene ukunenawo ndi weniweni. Chimene ndikukana ndi kusakaniza zinthu ziwiri. Kuphunzira kompyuta kukhale ndi nthawi yake pa ndandanda, ana alembe, asunge fayilo, afufuze. Koma piriyodi ya madamuyi ndi ya masamu, mphindi 40 zokha, ndipo ana 36 sakudziwa kuti 1/4 imaposa 1/8. Zikathera pa kusaka podina, mwanayo wataya masamu amene sadzabwereranso, chifukwa teremu yamawa silabasi yapita kwina.

Watsopano:
Pamenepo ndamva bambo. Komabe ndipemphe kuti tisamaone tabuleti ngati chofunsira mafunso chokha. Ana anga ndinawaonetsa Scratch, ija anatulutsa a ku MIT mu 2007, yomwe mwana amalumikiza timabokosi ta malamulo kuti kachithunzi ka mphaka kayende. Ndinawauza kuti kamphaka kajambule sikweya. Anavutika, kenako mmodzi anazindikira kuti pakona iliyonse kayenera kukhota madigiri 90. Nditati kajambule thirayango ya mbali zofanana, onse analemba 60, kamphaka n'kusochera. Anakangana okhaokha mpaka anapeza 120. Za ngodya ya kunja ndinali ndisanaphunzitse, anaigwira okha ndi manja. Katswiri wa maphunziro Seymour Papert ankalimbikira zimenezi kalekale ndi Logo, chiyankhulo cholamulira kompyuta chopangidwira ana, kuti mwana ndiye azilamula kompyuta.

Wakukoleji:
Chitsanzo chokoma chimenecho achimwene, ndipo taonani kuti funso la thirayango munalisankha ndinu. Mukanangowasiya ndi Scratch bwenzi akusintha mitundu ya kamphaka mpaka belu. Za Uruguay mwanena zoona, ndipo chimene chinawathandiza n'chakuti sanalekere pogawa. Anaika intaneti m'sukulu, anakonza njira yokonzera zowonongeka, ndipo akhala akuphunzitsa aphunzitsi zaka zonsezi.

Kholo la ana atatu:
Pepani aphunzitsi, ine ndine kholo chabe koma ndilankhuleko. Mwana wanga wamkulu ali ku sekondale. Chaka chatha ndinkanyadira kuti homuweki akumaliza msanga, chizungu chake chosalala ngati cha m'nyuzipepala. Tsiku lina ndinamufunsa kuti andifotokozere ndime imene analemba. Anangoti kakasi. Ndinapeza kuti amajambula funso ndi foni, pulogalamu yoyankha mafunso yotchedwa ChatGPT n'kumulembera, iye n'kukopera mukope. Aphunzitsi ake ankachonga n'kulemba kuti wachita bwino. Ndinalira mumtima. Ndiye mukamakamba zolowetsa zipangizo m'kalasi, ine mantha anga ali pamenepo. Kodi sitikuwaphunzitsa ana kuti kuganiza ndi ntchito ya makina?

Wachiyankhulo:
Mayi, musadzichepetse, funso lanu ndi limene likutizunguza tonse kuyambira kumapeto kwa 2022 pamene chinthu chimenechi chinatuluka. Ine ndinasiya kupereka chimangirizo cholembera kunyumba. Amalemba m'kalasi, ndi cholembera, ine ndikuzungulira. Kunyumba ndimawapatsa zowerenga, mawa lake ndimatchula dzina mwadzidzidzi kuti afotokoze ndi pakamwa pake. Wokopera amaonekera pa chiganizo choyamba. Ndipo inu zimene munachitazo, kumufunsa kuti afotokoze, ndi mayeso abwino kuposa onse amene ndikuwadziwa. Pitirizani, ngakhale phunzirolo musakulidziwa. Mwana amene wamvetsa amatha kufotokozera mayi ake.

Tisiyanitsenso foni ya m'thumba mwa mwana ndi chipangizo chimene mphunzitsi wabweretsa ndi cholinga. France inaletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15 mu 2018, Netherlands inawachotsa m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024, ndipo UNESCO mu 2023 inachenjeza kuti foni ingokhala m'kalasi pokhapokha ikuthandizadi phunziro. Sweden, imene inali patsogolo kwambiri pa matabuleti, mu 2023 inayamba kubwezera ndalama ku mabuku osindikiza. Sanataye makompyuta, anangoona kuti mwana wamng'ono wophunzira kuwerenga amafunika pepala ndi pensulo.

Koma ndisamveke ngati wodana nazo. Chinthu chimene chinasintha kalasi yanga ndi chojambulira mawu cha pafoni yanga yomweyi. Mwana amawerenga ndime mokweza, ndimamujambula, n'kumuyatsira kuti adzimve. Pali mnyamata wina amene ankameza mathero a mawu onse. Ndinamuuza miyezi itatu osasintha. Atadzimva yekha kamodzi, anagwira pakamwa, n'kupempha kuti abwereze. Mawu akewo ndimasunga, pakutha pa teremu ndimamuyatsira oyamba ndi omaliza kuti amve.

Wamaphunziro apadera:
Ndionjezere za ana anga, poti kawirikawiri amaiwalika pa nkhani zoterezi. Kwa mwana amene saona bwino, tabuleti si chokometsera. Amakulitsa zilembo mpaka aziona, pamene bolodi sangalikulitse. Pa Android pali TalkBack imene imawerenga zili pasikirini, pa kompyuta ya Windows pali NVDA yaulere. Madamu, pa ana 72 sipangalephere wina wofinya maso poyang'ana bolodi. Ameneyo mumuganizire poyamba pogawa.

Wamasamu:
Ndabwera kuchokera ku ofesi. Kabuku kosainira kagwira ntchito, ahedi anamwetulira n'kupereka makiyi. Mwa 15, amene ayaka ndi 13. Awiri akukana ngakhale ndawasiya pa moto tsiku lonse. Timasewero ta PhET ndatsitsa ndi foni yanga n'kusamutsira m'matabuleti, tikutseguka popanda netiweki. Tsopano funso ndi kagawidwe. Ndikawagawa onse nthawi imodzi, tabuleti imodzi ikhala ya ana asanu kapena asanu ndi mmodzi.

Wasayansi:
Musatero madamu. Ana asanu pa tabuleti imodzi ndiye kuti mmodzi akuphunzira, awiri akusuzumira, awiri akucheza. Ndipo wogwirayo amakhala yemweyo tsiku lililonse, wamphamvu kapena amene kwawo kuli foni yotere. Atsikana ofatsa amangopinda manja. Gawani kalasi patatu, ana 24 gulu lililonse. Gulu limodzi likhale pa matabuleti 12 awiriawiri, wa 13 akhale wapadera. Gulu lachiwiri lipinde mapepala ndi kuyankha mafunso a pabolodi. Lachitatu likhale ndi inuyo. Musayese kusinthana katatu m'piriyodi imodzi, nthawi ithera m'kusuntha mabenchi. Gulu limodzi pa tsiku, masiku atatu mwazungulira. Pa awiriwo muike lamulo loti funso lililonse asinthane wogwira.

Wokonza makompyuta:
Ndipo mutseke zina zonse. Pa Android pali screen pinning, pa iPad pali Guided Access, zimachititsa kuti mwana asatuluke mu pulogalamu imene mwatsegula. Koma musadalire loko yekha, ana ndi ochenjera. Ku Los Angeles mu 2013 akuluakulu a maphunziro anayamba ntchito ya ndalama zoposa madola 1 biliyoni yoti wophunzira aliyense akhale ndi iPad. Pasanathe sabata, ophunzira mazana angapo anali atapeza kale njira yochotsera zotchingira n'kumalowa pa intaneti mmene afunira. Zophunzirira zimene zinayenera kukhala m'katimo zinalinso zosamalizidwa, ndipo chaka chotsatira ntchitoyo inaimitsidwa. Chikomekome cha mkuyu. Loko weniweni ndi kuika mabenchi moti masikirini onse muziwaona mukangotembenuka.

Mtsogolo muno, mukadzafuna zambiri, pali Kolibri. Mumaiika pa laputopu imodzi kapena pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, matabuleti onse n'kumakoka maphunziro kuchokera pamenepo kudzera pa wifi ya m'chipinda momwemo, popanda intaneti. Imakuonetsaninso mwana amene wakakamira pa funso liti. Kiwix nayo imasunga Wikipedia yonse mwa njira yomweyo. Koma izi n'zamawa. Pulojekitayo, ngati ndi ya babu, mukazimitsa muzidikira fani isiye kulira musanazule pa soketi.

Ahedi ena:
Musankhenso ana anayi odalirika oti azitulutsa, kuwerenga ndi kubweza pa chaja. Anyamata awiri atsikana awiri. Ntchito imeneyi mukaisenza nokha mutopa nayo pasanathe mwezi, ndipo matabuleti abwerera m'katoni mwakachetechete.

Wamasamu:
Aphunzitsi anzanga, ndabwera kudzapereka lipoti monga ndinalonjezera mumtima. Tazungulira masiku atatu, Lachiwiri mpaka Lachinayi, ndipo Lachisanu ndinapereka mayeso a papepala a mafunso khumi.

Tsiku loyamba mphindi pafupifupi 15 zinapita ndi chisangalalo. Ana a magulu enawo makosi anali ku matabuleti, mpaka ndinalemba pabolodi tsiku la gulu lililonse kuti mitima ikhale pansi. Tsiku lachiwiri zinayenda, lachitatu ana anayi aja anali atagawa kale ine ndisanamalize kufufuta bolodi.

Pali mtsikana wina amakhala pakona kumbuyo, chaka chonse sindinamvepo mawu ake m'kalasi. Ndinaima kumbuyo kwake osamuuza. Anali ndi bwalo pasikirini, akudina kambiri nambala ya pansi: 2, 3, 4, mpaka 8, n'kubwereranso, n'kukweranso. Anachita zimenezi mwina kasanu. Kenako anamugwira mnzake pamkono n'kunena chapansipansi kuti, taona, ogawana akachuluka chako chimachepa. Lachisanu mafunso onse oyerekeza mafulakishoni anakhoza. Bambo opuma pantchito, ndikudziwa munena kuti pepala limaonetsa zomwezo, ndipo n'zoona, ena anazigwira pa pepala. Koma pepala ukalipinda walipinda. Iyeyu anafunika kubwereza kasanu payekha popanda womuyang'ana.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti phindu lalikulu linali ku gulu lokhala ndi ine. Kukhala ndi ana 24 m'malo mwa 72, ndinatha kuyang'ana kope la aliyense akulemba. Ndinapeza ana asanu ndi awiri amene vuto lawo si mafulakishoni n'komwe, sadziwa kugawa. Zaka zonsezi ndikanawadziwa bwanji?

Tsono vuto ndi ili. M'kasewero ka PhET kofananitsa mafulakishoni, ukakhoza umalandira nyenyezi. Anyamata ena anazindikira kuti ukhoza kumangoyesa chilichonse mpaka chilole. Nyenyezi anadzaza, anabwera kudzandionetsa monyadira, koma pa mayeso a papepala atatu mwa iwo anapeza 3 pa 10. Ndinakhumudwa kwambiri chifukwa ndinali nditawawerengera kale m'gulu la omvetsa.

Wopuma pantchito:
Za mtsikanayo zandikhudza madamu. Kubwereza popanda manyazi, chimenecho ndinalibe m'zaka zanga zonse, ndipo ndikuvomera. Ana asanu ndi awiri osadziwa kugawawo musawataye, ayambireni pamene ali ngakhale buku likunena zina. Ndipo mwachita bwino kuyesa ndi pepala. Mukanakhulupirira nyenyezi bwenzi anyamata atatuwo atadutsa osaonekera.

Wasayansi:
Oyesayesawo mankhwala ake ndi omwe aja ndinanena a babu. Asanakhudze sikirini, amene sakugwira tabuleti alembe yankho mukope ndi chifukwa chake m'mawu ochepa. Akatero wogwirayo adine. Akaphonya, asafufute, angodula mzere n'kulemba lolondola pambali. Inu pochonga muziyang'ana kopelo, ndipo muwauze poyera kuti nyenyezi simuwerenga. Mafunso amene ayankhe achepa, mwina theka, koma musadandaule nazo.

Watsopano:
Madamu, anzanu a pasukulupo ayamba kufunsa? Ndikufuna ndidziwe ngati moto wayaka.

Wamasamu:
Mmodzi yekha, wa sayansi. Anaima pawindo Lachitatu piriyodi yonse, kenako anandipeza kuti ndimuonetse za magetsi zija. Tagwirizana kuti Lolemba tikaweruka tikhale limodzi ayese yekha kaye asanapite nazo kwa ana. Enawo akungoyang'ana, ndipo sindikuwakakamiza. Za kulemba mukope asanadine ndiyamba Lachiwiri ndi gulu la anyamata aja.

Achimwene okonza makompyuta, awiri okana kuyaka aja ndiwatani? Ahedi akufuna kudziwa choti alembe m'kabuku.

Wokonza makompyuta:
Asalembe kaye kuti afa. Yesani ndi chingwe ndi chaja za tabuleti imene ikugwira bwino, chifukwa nthawi zambiri chofa ndi chingwe. Muunikenso polowetsa chaja ngati muli fumbi. Muwasiye pa moto maola angapo, kenako mugwire batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30. Akakanabe, jambulani kapepala ka kumbuyo kolembedwa mtundu ndi nambala yake munditumizire, ndione ngati batire yake imapezeka. Makatoni ndi mapepala amene anabwera nawo musataye, mwina nthawi yobweza zowonongeka kwa ogulitsa isanathe.